Mpopi ukamalira mluzu, ukuyamwa

Khalani pansi, ana inu. Kodi madzi a m'paipi angabwerere kumene achokera? Ndikuona mukupukusa mitu. Amabwerera ndithu, ndipo kuno ku Rugare mpata woti atero umapezeka kawirikawiri.

Madzi athu amatungidwa m'nyanja ya Chivero, amayeretsedwa ku Morton Jaffray, kenako makina amawakankha mpaka m'nyumba zino, zimene kampani ya njanji inamangira antchito ake, kuphatikizapo agogo anu ochokera ku Nyasaland. Chowayendetsa ndi kukankhako basi. Magetsi akazima kumakina, kapena paipi yaikulu ikaphulika, madzi otsala amatsetsereka kupita kotsika, ndipo m'mbuyo mwawo mumatsala mpata umene umakoka. Tsegulani mpopi madzi atangothawa kumene. Nthawi zina mumva ukulira mluzu, ndipo mukaikapo chikhatho ukugwirani. Ukuyamwa, monga amachitira dalaivala pokoka dizilo m'thanki ndi kapaipi.

Tsono taganizirani mayi wogulitsa zoziziritsa kukhosi. Wamangirira paipi ya labala kumpopi, mbali inayo waimiza m'diramu la mabotolo ndi ayezi, momwe manja a anthu akhala akupisamo tsiku lonse. Madzi akathawa mpopi uli wotsegula, za m'diramuzo zimalowa m'paipi ya khonsolo. Madzi akadzabwera, oyamba kumwa ndi anthu a nyumba yoyandikana.

Kumafakitale a ku Workington ndi Southerton nkhaniyi imakula. Makina akuluakulu amaziziritsidwa ndi madzi ozungulira, ndipo pamene ena akuuluka ngati nthunzi amawonjezeredwa kuchokera ku paipi ya madzi akumwa. Madzi ozungulirawo ndi ofunda, odzaza fumbi, ndiponso amathiridwa mankhwala oletsa dzimbiri ndi ndere. Kumeneko sipafunika n'komwe kuti madzi athawe. Pampu ya makinawo ikangoposa mphamvu ya madzi a khonsolo, imakankhira zoipazo m'mbuyo. Thanki ya pakhomo yokhala ndi pampu, yolumikizidwa ku paipi yomweyo, imachitanso chimodzimodzi.

Musaganize kuti ndi vuto la mizinda yosauka. Mu 1933 ku Chicago, pa nthawi ya chionetsero chachikulu, mapaipi olumikizidwa molakwika m'mahotela anasakaniza zonyansa ndi madzi akumwa, anthu pafupifupi 100 n'kufa ndi kamwazi. M'dziko lathu lino kolera wa 2008 ndi 2009 anapha anthu oposa 4,000, ndipo ku Budiriro, kumene anasautsa kwambiri, mipopi youma ndi mapaipi a zimbudzi ophulika zinali mbali ya vutolo.

Njira yodalirika koposa ndi yosafuna ndalama: kusiya mpata wa mpweya. Kamwa la paipi lilekeze pamwamba pa mlomo wa thanki kapena diramu, madzi azichita kugwa. Mpatawo ukhale kawiri kukula kwa kamwa la paipi, ndipo usachepere mamilimita 25. Iwe wakumbuyo, paipi ya mamilimita 20 ifuna mpata wotani? Eya, 40. Tiyeze kuchokera pa mlomo, osati pamene madzi alekeza lero, chifukwa mawa thanki ingadzaze mpaka kusefukira.

Kumene makina akufuna madzi amphamvu, amisiri amaika vavu yolola madzi kupita mbali imodzi yokha. Ine sindiikhulupirira ikakhala yokha. Kamchenga kamodzi kakakakamira pa chitseko chake, imatsala yoyasama popanda wodziwa, ndipo mukudziwa nokha mmene madzi athu amabwerera ndi matope tsiku loyamba atayambiranso kutuluka. Pamene pali mankhwala pamafunika chipangizo chotchedwa RPZ, cha mavavu awiri ndi potayira pakati. Vavu ikalephera, madzi amakhuthukira pansi, aliyense n'kuona. Chiikidwe poonekera, osati m'dzenje lodzaza madzi dzinja likafika, ndipo chiyesedwe chaka ndi chaka.

Ntchito ya kunyumba: tengani rula, muyeze mpata wa pakati pa paipi ndi mlomo wa chotungira chilichonse pakhomo panu. Lolemba mubwere ndi manambala.