Phunziro: Amayi Amadwaladwala, Koma Abambo Ndiwo Amatsogola Kumanda

Lero ndikupita nanu kutali, ku Mexico, dziko lomwe lili kumwera kwa United States.

Ndiyambe ndi funso: kodi munthu wodandaula matenda kawirikawiri ndiye amafa msanga? Ine kale ndinkati eya. Koma nkhani ya agogo a ku Mexico inandisintha maganizo.

Zimene anapeza

Mu 2001 akatswiri anayamba kafukufuku wotchedwa Mexican Health and Aging Study. Anacheza ndi anthu pafupifupi 15,000, ambiri mwa iwo a zaka 50 kapena kuposerapo. Anawayenderanso mu 2003, 2012, 2015 ndi 2018 kuti aone amene akadali moyo komanso m'mene thanzi lawo lasinthira.

Anapeza kuti amayi ndiwo amavutika kwambiri ndi nyamakazi, matenda a kukhumudwa ndiponso kulephera kuyenda, kusamba kapena kuvala paokha. Koma kumbali ya imfa, amatsogola ndi abambo. Mu 2019, mtsikana wobadwa ku Mexico ankayembekezeka kukhala zaka pafupifupi 78, pomwe mnyamata 72 basi.

Nanga n'chifukwa chiyani?

Chibadwa chili ndi mbali yake, koma khalidwe nalo likulowapo. Amuna ambiri kumeneko amayamba fodya ndi mowa akadali anyamata, ndiye pokula mapapo, mtima ndi chiwindi zimakhala zitatopa. Palinso maganizo omwe eni akewo amawatcha machismo, akuti mwamuna weniweni salira, sadandaula. Bambo wotere amakafika kuchipatala matenda a shuga kapena a mtima atamudya kale.

Amayi amakhalitsadi, koma zaka zowonjezerazo sizikhala zokoma nthawi zonse. Ambiri a m'badwo umenewu anabereka ana ochuluka, ndipo akumudzi anakalamba akupuma utsi wa nkhuni kukhitchini. Popeza ntchito ya pakhomo ilibe malipiro, ambiri analowa umasiye m'manja muli gwa.

Tiphunzirepo chiyani?

Ine ndatolapo mfundo ziwiri. Yoyamba, kusadandaula si umboni wakuti uli bwino. Yachiwiri, kukhala zaka zambiri n'kosiyana ndi kukhala wathanzi. Ndipo taonani, agogo amenewa anali achinyamata ngati ifeyo pamene ankayamba zizolowezi zomwe zinadzawapweteka atakula. Kuwongola mtengo ndi uli waung'ono, anzanga.

Kambiranani m'magulu

1. Kodi mnyamata akati akudwala, anzake amamuuza chiyani?
2. Ndi ntchito ziti za amayi zomwe zimawononga thanzi pang'onopang'ono?
3. Ndi chizolowezi chiti chomwe iweyo ungasiye lero kuti udzakalambe bwino?

Anyamata akambirane paokha, atsikana paokha, kenako mukumane ndi kuyerekeza mayankho anu. Osasekana ayi, aliyense alankhule momasuka.