Kachikumbu kowaula khungu: kazindikireni musanakaphwanye



Mvula itangokhazikika, ophunzira atatu a Fomu 2 anabwera m'kalasi mwanga ali ndi chilonda chofanana: mzere wofiira pakhosi ngati wina wawakhudza ndi chikuni cha moto, pamwamba pake timatuza tili ndondondo. Mmodzi anajomba masiku anayi. Ululu sunali waukulu, koma anzake amamunena kuti ali ndi mashingozi, ndipo mukudziwa zomwe anthu kuno amayamba kunong'onezana akamva liwu limeneli. Kwawo kwa wina agogo anagamula kuti mwanayo wakodzeredwa ndi kangaude. Kwa wachitatu anati ndi za anthu.

Ine si mphunzitsi wa Biology, koma ana anali anga. Choncho usiku wina ine ndi mnzanga wophunzitsa phunzirolo tinakaima pansi pa babu la pakhonde la sukulu titatenga botolo ndi galasi lokulitsa zinthu. Sitinachedwe. Pakhoma pamayenda tizilombo tating'ono, tothamanga, timene aliyense wodutsa akanati ndi nyerere.

Tiyeni tikayang'ane bwino kachilomboka. Kutalika kwake ndi mamilimita 7 mpaka 10, ngati njere ya mpunga wosapuntha, ndipo ndi koonda. Mukayamba kumutu, mitundu yake imasinthana motere: mutu wakuda, chifuwa chofiira ngati nachesi wakupsa, kenaka kachigawo kakuda konyezimira mobiriwira, mimba yofiira, nsonga ya kumchira yakuda. Kuda, kufiira, kuda, kufiira, kuda. Kali ndi miyendo 6 ndi tinyanga tiwiri. Mukakasokoneza kamapinda mchira m'mwamba ngati chinkhanira, ngakhale kalibe mbola.

Pamene pali chinsinsi ndi pa kachigawo konyezimira kaja. Amenewo ndi mapiko olimba, ofanana ndi chigoba cha chikumbu kapena nankafumbwe, kungoti ndi aafupi kwambiri moti mimba yambiri imakhala pamtunda. Pansi pake pali mapiko ena ofewa, aatali, opindidwa mwaluso, amene kamaulukira usiku. Mapiko olimba ndiwo akutiuza kuti ichi ndi chikumbu. Kufupika kwake kukutiuza banja lake.

Ku madrasa tinaphunzira kuti ba, ta ndi tha zimalembedwa mofanana, chosiyanitsa ndi timadontho. Wowerenga mothamanga amasokoneza tanthauzo. Tizilombo nato n'chimodzimodzi. Nyerere ili ndi chiuno chowonda ngati ulusi ndi tinyanga topindika ngati chigongono, pamene kachikumbuka chiuno chake sichinaminidwe choncho ndipo tinyanga take tilibe chigongono. Palinso kachilombo kena koonda, kamapiko aafupi, kamene kali ndi timphanda ngati pulayala kumchira. Ameneyo ndi wina, ndipo sawaula khungu. Chikumbu chachikulu chija chakuda cha mizere yachikasu kapena yofiira chimene chimadya maluwa a nyemba ndi khobwe nacho chimatutumutsa matuza, koma ndi cha banja lina, ndipo mapiko ake olimba amaphimba mimba yonse.

Akatswiri amasanja zamoyo kuyambira gulu lalikulu kutsikira ku laling'ono, monga momwe munthu amanenera dziko lake, boma, mfumu yaikulu, mudzi, mpaka nyumba. Kathu aka kali m'gulu la nyama, Animalia; m'gulu la zamiyendo yolumikizalumikiza, Arthropoda, limodzi ndi nkhanu; m'gulu la zamiyendo 6, Insecta; m'gulu la zikumbu, Coleoptera; m'banja la Staphylinidae, limene Pierre André Latreille wa ku France analitchula mu 1802. Banja limeneli lili ndi mitundu yodziwika yoposa 60,000, ndipo ndi limodzi mwa mabanja aakulu kwambiri a nyama zonse. Yambiri ndi yakuda kapena yotuwa, imakhala m'zinyalala, mu ndowe ndi pansi pa makungwa, ndipo siivulaza munthu. M'banjamo muli fuko la Paederus, dzina limene Johan Christian Fabricius wa ku Denmark anapereka mu 1775. Fukoli lili ndi mitundu yoposa 600, ndipo ndi mmene muli kachilombo kathu.

Fabricius anali wophunzira wa Carl Linnaeus wa ku Sweden, amene mu 1758 anakhazikitsa njira yotchula nyama iliyonse ndi mayina awiri: loyamba la fuko, lachiwiri la mtundu. Kachikumbu kena ka ku Ulaya kamatchedwa Paederus riparius, ndipo liwu lachiwirilo m'Chilatini limatanthauza "wa m'mbali mwa mtsinje". Ife a kwa Mponda, okhala pakati pa nyanja ya Malawi, Shire ndi Malombe, dzina limeneli likutiuza kale kanthu. Tizilomboti timaikira mazira m'dothi lachinyontho, m'madambo, m'minda ya mpunga ndi m'madimba, ndipo timachuluka mvula ikagwa yambiri. Kum'mawa kwa Africa mitundu iwiri yotchuka ndi Paederus eximius ndi Paederus sabaeus. Inachuluka kwambiri ku Kenya pambuyo pa mvula ya El Niño ya 1997 ndi 1998, ndipo ambiri amaidziwa ndi dzina loti Nairobi fly. Dzinali lalakwa pawiri: si ntchentche, pakuti ntchentche ili ndi mapiko awiri okha ndipo ilibe chigoba, komanso si ya ku Nairobi kokha.

Pa botolo lathu tinalemba kuti Paederus sp. Timalemba choncho pamene fuko ladziwika koma mtundu sunatsimikizidwe. Ophunzira ena anafuna kuti tingosankhapo limodzi mwa mayina awiri aja poti chithunzi cha pa foni chimafanana. Mnzanga anakana, ndipo ndinagwirizana naye. Mitundu yambiri ya Paederus imavala zofanana, moti akatswiri amaisiyanitsa poyang'ana ziwalo zoberekera za kamphongo pa maikulosikopu. Chithunzi cha pa foni sichifika pamenepo.

Nanga chilonda chimabwera bwanji? Kachikumbuka sikaluma. M'madzi a m'thupi mwake muli poizoni wotchedwa pederin, wopangidwa ndi mabakiteriya a mtundu wa Pseudomonas amene amakhala mwa kakakazi. Mayi amapatsira poizoniyo mazira ake, ndipo amateteza ana kuti asadyedwe ndi akangaude. Ndiye kangaude amene agogo aja anamuimba mlandu nayenso amakaopa. Poizoniyu amatuluka kachilombo kakaphwanyika. Munthu akumva kanthu kakuyenda pakhosi, amamenya n'kukhwekhwereza dzanja, ndipo n'chifukwa chake chilonda chimakhala mzere. Nthawi yomweyo samva kalikonse. Pakapita tsiku limodzi kapena awiri m'pamene khungu limafiira, kutentha ndi kuchita matuza, munthu ataiwala kale za kachilombo. Kakaphwanyikira m'kati mwa chigongono kapena kuseri kwa bondo, mbali ziwiri zokhudzana zimapsa mofanana. Dzanja lomwelo likapita m'maso, diso limatupa ndi kufiira koopsa.

Mashingozi ndi matenda ena. Amayamba ndi kachilombo ka katsabola kamene kanabisala m'mitsempha, amatsata mbali imodzi ya thupi, kawirikawiri pachifuwa kapena kumsana, ndipo ululu umayamba matuza asanaoneke. Chilonda cha Paederus chimapezeka posavala: pankhope, pakhosi, pamkono. Sichipatsirana. Wogamula ndi wachipatala, osati anzake a m'kalasi. Makolo, chonde, mwana wotere musamubise m'nyumba.

Kakatera pathupi, kauzireni mpweya kapena kalekeni kakwere papepala. Ngati mwakaphwanya kale, sambani pamalopo ndi m'manja ndi sopo ndi madzi ambiri nthawi yomweyo. Izi zichitike musanachite wudhu, pakuti manja osatsukidwa ndi sopo atengera poizoniyo kumaso. Matuza musawaboole, ndipo musapakepo mankhwala otsukira mano, phulusa kapena mafuta a galimoto. Chilonda chimapola m'masabata awiri kapena atatu, koma banga lakuda limatha kutsala miyezi. Likakhudzidwa diso, kapena pakayamba mafinya, pitani ku chipatala cha boma cha Mangochi kapena chaching'ono chimene muli nacho pafupi.

Kwa akuluakulu a komiti, pempho langa ndi la magetsi. Tizilomboti timatsata kuwala, makamaka mababu oyera. Babu lili pamwamba pa chitseko cha mzikiti ndi lija la pamalo osambira amatiitanira pomwe anthu amavula nsapato ndi kupinda malaya nthawi ya Isha. Kuwasunthira pa mtengo chapatali pang'ono, kuika gozi m'mawindo ndi kukutumula mikeka isanayalidwe sikufuna ndalama zambiri. Inu ophunzira owerengera tochi kapena foni usiku, lowani m'neti ndipo muipisire bwino. Takufa musatole ndi manja, poizoni amakhalamobe, sesani. Koma kudimba tisiyeni, pakuti timadya nsabwe za mbewu ndi tizilombo tina toononga mpunga ndi ndiwo zamasamba.

Ntchito ya a Fomu 1 ndi Fomu 2 ndi iyi: amene angakaone akavindikire ndi botolo loonekera m'kati, alowetse pepala pansi, atseke. Ajambule mu kope ndi kusonyeza zigawo zisanu za mitundu ija, alembe tsiku, nthawi, mudzi, mtundu wa nyali ndi kutalika kwa mtunda wofika kumadzi. Mabotolo abwere Lolemba ku ofesi ya aphunzitsi, otseka.