Kodi Nkhondo Imapindulira Ndani?

Anthu akatopa ndi ulamuliro woipa, ena amanena kuti mfuti ndiyo ingakonze zinthu msanga. Tisanavomereze maganizo amenewa, tiyeni tione zimene zidachitikira abale athu a ku Mozambique.

Dzikoli lidalandira ufulu wodzilamulira mu 1975. Pofika 1977 nkhondo idabuka pakati pa boma la Frelimo ndi gulu la Renamo, ndipo idatha zaka 15. Anthu pafupifupi 1 miliyoni adafa, ambiri mwa iwo alimi wamba amene sadagwirepo mfuti. Ena adafa ndi njala chifukwa minda idasanduka thengo. Masukulu ndi zipatala za m'midzi zidatenthedwa, ana adagwidwa kuti akakhale asilikali.

Ife kuno sitidali pa nkhondo, koma walira mvula walira matope, ndipo matopewo adafika ngakhale kwa ife amene sitidaiitane. Othawa kwawo oposa 1 miliyoni adalowa m'Malawi, makamaka ku Nsanje, Mulanje, Ntcheu ndi Dedza. Tidagawana nawo malo, madzi ndi nkhuni, mpaka mitengo idatha m'mapiri. Njanji za ku Beira ndi Nacala zidaonongedwa, choncho feteleza, mafuta ndi fodya wathu zidayamba kudzera ku Durban, mtunda wautali kwambiri. Mtengo wa ulendowo adaulipira ndi mayi wogula mchere ndi sopo pa golosale.

Nanga adapambana ndani? Palibe mbali imene idagonjetsa inzake. Pa 4 October 1992, Joaquim Chissano ndi Afonso Dhlakama adasaina pangano la mtendere ku Rome, atakambirana mothandizidwa ndi gulu la Sant'Egidio ndi Arkiepiskopi Jaime Gonçalves wa ku Beira. Pa chisankho cha 1994 Frelimo idapeza mipando 129, Renamo 112. Tione bwino apa: mipando imeneyi adaipeza ndi mavoti, njira imene ikadatheka manda asadachuluke.

Ndipo nkhondo siitha tsiku losaina. Mabomba okwirira pansi adapitiriza kudula miyendo ya alimi ndi ana oweta mbuzi, kufikira mu 2015 pamene boma lidalengeza kuti ntchito yowachotsa yatha.

Tikambirane mu Mphakati: Kodi m'mudzi mwathu alipo amene adalandira othawa nkhondo? Atifotokozere zimene adaona. Nanga andale akamapatsa anyamata athu mowa ndi zikwanje kuti akasokoneze msonkhano wa chipani china, tingawayankhe chiyani?