Mphamvu ya Dzina: Phunziro pa Moyo wa Stephanie Shirley

Cholinga cha nkhani ino ndi kuunika moyo wa mayi Stephanie Shirley, amene anathandiza kwambiri anthu a vuto la autism, ndi kuona zimene ife ophunzira za chiyankhulo tingatolepo.

Mayiwa anabadwira ku Dortmund, m'dziko la Germany, m'chaka cha 1933. Popeza bambo awo anali Myuda, anawathawitsira ku Britain mu 1939 ali ndi zaka zisanu. Mu 1962 anayambitsa kampani yolemba mapulogalamu a kompyuta ya Freelance Programmers ndi mpamba wa mapaundi 6 okha. Makalata awo ofunafuna malonda sankayankhidwa kufikira pamene anayamba kusaina dzina lachimuna lakuti "Steve". Luso linali lomwelo, koma dzina ndilo linachititsa kuti amvedwe.

Mwana wawo mmodzi yekhayo, Giles, amene anabadwa mu 1963, anasiya kulankhula ali wamng'ono ndipo madokotala anapeza kuti ali ndi autism. Vutoli limakhudza kakulidwe ka ubongo, kotero kuti mwana amavutika kulankhula ndi kucheza ndi ena, amabwerezabwereza zinthu, ndipo ena amasautsidwa ndi phokoso. Giles anamwalira mu 1998 ali ndi zaka 35. Chaka chotsatira mayi ake anatsekula sukulu ya Prior's Court ya ana otere, ndipo mu 2004 anakhazikitsa bungwe la kafukufuku la Autistica. Pomwalira mu 2025, anali atapereka mapaundi opitirira 60 miliyoni pa ntchito zachifundo.

Nanga kwathu kuno? Chichewa chilibe mawu okhazikika otchulira autism. Kwathu ku Chiosya, m'boma la Mchinji, ndimamva mwana wotere akutchedwa chitsiru, wozerezeka kapena wolodzedwa. Ena amati makolo ake anamukhwimira. Dzina lililonse limabala zochita zake. Wolodzedwa amapita naye kwa sing'anga. Chitsiru sachilembetsa sukulu. Kholo lonenedwa kuti linakhwima limabisa mwana m'nyumba poopa pakamwa pa anthu.

Pomaliza, ndikuona kuti ntchito ya gawo lathu ndi yofufuza, pamodzi ndi makolo, aphunzitsi ndi azachipatala, mawu aulemu amene angamveke ngakhale kumudzi. Mapaundi a mayi Shirley tilibe, koma mwana akayamba kutchulidwa moyenera, mpamene mayi ake angalimbe mtima kupita naye kuchipatala ndi kusukulu.