ZA KUDZALA NDI KUSAMALA KAPINGA

Pa Matawale, pamene mseu wa ku Jali upatukana ndi mseu waukuru wochokera ku Zomba kunka ku Liwonde, mabwalo ambiri a nyumba asesedwa m'mawa uli wonse, osatsalapo kaudzu ndi kamodzi komwe. Eni ake atero poopa njoka, ndipo mantha ao ali omveka. Koma mvula yakugwa m'tsinde mwa phiri la Zomba iri yamphamvu. Ikapeza bwalo lapululu ikokolola dothi chaka ndi chaka, kufikira maziko a nyumba aonekera poyera. Chogwira dothilo ndicho kapinga, pakuti mizu yake ilukana ngati mphasa, ndipo akamwetedwa bwino njoka isowa pobisala.

Nthawi yodzala ndiyo mwezi wa December, mvula italowa pansi. Poyamba munthu agaule bwalo lonse ndi khasu, natole mizu ya dawe imodziimodzi, chifukwa dawe wotsala m'nthaka aphukanso. Pamenepo asakanize dothi ndi manyowa oolerana, nasalaze kuti madzi asamadikhe. Ndowe zaziwisi ayi: zidza ndi njere za maudzu ena.

Mbeu yake siifunika kugulidwa kusitolo. Ipemphedwa kwa mnansi. Aidule tizidutswa ta mfundo zitatu, naidzale m'mizere yopingasa mtsetse, motalikirana masentimita 15 kapena 20, natsendere ndi phazi. Ana asayendepo mpaka udzuwo utakumana. Pansi pa mtengo wa mango asadzibvute, popeza kapinga akana mthunzi.

Pomweta ndipo palakwa anthu ambiri. Mnyamata wa chikwakwa, pofuna kuti asabwererenso msanga, ameta udzu kufikira dothi, ndipo dzuwa lipsereza mizu. Pa dazi lotero ndi pamene chisoso chiyamba kumera. Chikwakwa chikhale chakuthwa, chidule nsonga zokha, osapitirira limodzi la magawo atatu a msinkhu wa udzuwo, ndipo m'dzinja chipitepo sabata iri yonse. Zomwetedwazo, zikakhala zazifupi, zisiyidwe pomwepo ziolere. Akristu ogawana nchito ya pa bwalo la tchalitchi akadule njira imodzi yoika njerwa kapena miyala, pakuti anthu otuluka ku Misa sayenda mokhota, ndipo kapinga wopondedwa Lamulungu liri lonse atha. M'mbali mwa maluwa ndi ndiwo akumbe kangalande, chifukwa udzu umenewu suzindikira malire.

Mwezi wa October kapinga afiira, ndipo ena ayesa kuti wafa. Sanafe, angogona. Madzi a m'mpopi, ochokera ku damu la Mulunguzi pamwamba pa phiri, ngolipira, ndipo sikoyenera kuwathera pa udzu pamene ena alikusowa akumwa. Madzi otsukira mpunga ndi ndiwo akwanira, akathiridwa madzulo. Chimene chifunika kuyang'anira nthawi imeneyi ndicho chiswe, chodula udzu wouma. Mwini bwalo atsate njira zake ndi kufukula chulu chisanakule. Mvula yoyamba ikagwa awaze manyowa osefa pamwamba, ndipo asamweteko kufikira msipu utatalika zala zinai.