Phunziro: Za Lamulo la Msinkhu wa Ukwati

Phunziro la mwezi uno liri la mwana wamkazi: kodi akwatiwe ali ndi zaka zingati? Kale mlandu uwu unali wa eni mbumba ndi ankhoswe okha. Tsopano Boma lalowapo, ndipo kuyenera kuti munthu ali yense adziwe chimene lamulo linena, chifukwa chimene linaikidwira, ndi pamene mphamvu yache ilekeza.

1. Lamulo linena chiani?

M'chaka cha 2010 Nyumba ya Malamulo ya Malawi inaika lamulo losamala ndi kuteteza ana, loletsa kukwatitsa mwana mokakamiza. M'chaka cha 2015 inaikanso lamulo la maukwati, lonena kuti munthu asalowe m'banja asanakwane zaka 18. Koma mpanda unamangidwa, chipata chiri chosatseka. Pakuti Malamulo Akuru a dziko, amene aposa malamulo ena onse, analola mwana wa zaka 15 kukwatiwa ngati makolo ache abvomereza. Chifukwa chache pa 14 February 2017 aphungu anasintha Malamulo Akuruwo. Obvomereza anali 131, okana 2 okha, ndipo Pulezidenti Peter Mutharika anasaina m'mwezi wa April. Kuyambira pomwepo, munthu ali yense wosakwana zaka 18, mnyamata kapena mtsikana, ayesedwa mwana, ndipo mau a atate wache, kapena a amai wache, kapena a malume wache, sakhozanso kumloleza ukwati.

2. Linaikidwa chifukwa ninji?

Pa kafukufuku wa Boma wa 2015 ndi 2016 kunapezeka kuti mwa akazi 100 ali onse a zaka 20 kufikira 24, akazi 42 anakwatiwa asanakwane zaka 18, ndipo 9 mwa iwo asanakwane zaka 15. Ena ati, Mwana akatha msinkhu wakula. Iai, abale. Chimanga chikhoza kumasula ngaiyaye, koma palibe munthu wanzeru achikolola tsiku lomwelo. Mtsikana ayamba kusamba mafupa a m'chiuno mwache asanathe kukula. Ndipo pofika nthawi ya kubala, mutu wa mwana ukanika kupita. Akachedwa kufika naye kuchipatala, mwanayo afera m'mimba, ndipo amai wache atsala ndi chilonda cha m'kati chotchedwa fistula, mkodzo nutuluka wosaletseka usana ndi usiku. Kawiri kawiri mwamuna amsiya wotereyo, nabwerera iye kwa makolo omwe aja, wodwala ndi wamanyazi.

Choipa china nchakuti wokwatiwa asiya sukulu. Mkazi wosadziwa kuwerenga abvutika kuzindikira mau olembedwa pa khadi la mwana wache la kusikelo, ndipo pamsika anyengedwa pa muyeso. Momwemo umphawi wa amai utsikira kwa ana.

3. Nanga makolo achitiranji chotere?

Tisafulumire kuwayesa ankhanza. Ambiri akonda ana ao, koma nkhokwe iri gwa, ndipo ati mumtima, Akapita kwa mwamuna, pakamwa pamodzi pachepa, ndi mkamwini adzatilimira. Kwina, monga ku Karonga, kwakhala mwambo wa kupimbira, wopereka mtsikana kulipira ngongole. Koma wochita ichi afanana ndi munthu wokazinga mbeu m'chaka cha njala: akhuta lero, koma mvula ikagwa alibe chobzala.

Kuti njala ndiyo muzu waukuru, kunaoneka ku Zomba. M'zaka za 2008 ndi 2009 anthu ofufuza anapatsa atsikana ena ndi makolo ao ndalama pang'ono mwezi ndi mwezi. Pakati pa iwo amene analandira popanda kuwaikira lamulo liri lonse, maukwati ndi mimba zinachepa. Koma ndalama zitaleka, maukwati anachurukanso. Apa tiphunzirapo ziwiri: kuti kholo likapeza pogwira silithamangira kukwatitsa mwana; ndi kuti thandizo la kanthawi lichita zakanthawi.

Boma lomwe linayamba chithandizo chotchedwa Mtukula Pakhomo ku Mchinji m'chaka cha 2006, ndipo pofika 2018 chinafika m'maboma onse 28. Chinakonzedwera mabanja osaukitsitsa amene alibe munthu wamphamvu wogwira nchito, monga agogo olera ana amasiye. Ndipo pa mwana ali yense wa pasukulu anaonjezerapo kandalama. Komatu mwa mabanja 10 chinasankha ngati limodzi lokha. Otsalawo ngambiri, ndipo ena a iwo asiyana pang'ono pokha ndi osankhidwa aja.

4. Lamulo liribe miyendo

Lamulo lilembedwa ku Lilongwe, koma ukwati upanganidwa madzulo pakhonde, pamene palibe wapolisi. Kuti lifike pamudzi, liyenera kunyamulidwa ndi anthu. Taonani chitsanzo cha Inkosi Theresa Kachindamoto ya ku Dedza. Iyo inasonkhanitsa mafumu 50 a pansi pache, niwasainitsa pangano lakuti maukwati a ana aleke. Mafumu ena amene analekerera inawachotsa pampando kufikira atamasula maukwatiwo. Pofika 2016 kunamveka kuti inamasula maukwati oposa 850 m'zaka zitatu, nibwezera anawo kusukulu. Khomo la sukulu linali lotseguka kale, pakuti kuyambira 1993 Boma linalola mtsikana wobala mwana kubwerera m'kalasi. Koma panafunika munthu womgwira dzanja.

Palinso chinthu china chaching'ono chimene ambiri achipeputsa, ndicho kalata ya kubadwa. Pamlandu kholo likhoza kunena kuti, Mwanayu ali ndi zaka 19. Ndipo ngati palibe cholembedwa, adzatsutsa ndani? Kuyambira 2015 lamulo lifuna kuti mwana ali yense wobadwa alembedwe m'kaundula wa Boma. Pepala limeneli, losungidwa bwino kuti chiswe chisalidye, lidzakhala mboni ya mwanayo tsiku limene iye mwini adzaopa kulankhula pamaso pa akuru.

5. Ife tichite chiani?

Inu malume, mwini mbumba, mau anu ndiwo amveka poyamba. Akadza ofunsira mbeta, funsani zaka za mwana musanalandire kanthu. Inu amene mupemphedwa unkhoswe, mudziwe kuti kukana kuimira ukwati wa mwana si chipongwe. Mutero kupulumutsa mabanja onse awiri ku mlandu. Inu anamkungwi, polangiza namwali muuzeni za ukhondo ndi ulemu, koma mumuuzenso kuti nthawi ya banja siinafike. Inu amai, mtsikana akatenga pakati musamthamangitsire kwa mnyamata usiku womwewo. Mpite naye kusikelo, ndipo akabala mumlerere khanda kuti iye abwerere kusukulu. Ndipo inu nonse, mukaona nyumba ya mnansi wanu yasowa chakudya, musayembekeze Boma lokha. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Lichero limodzi la ufa pa mwezi wa February likhoza kusunga mtsikana m'kalasi kufikira masika. Mukamva za ukwati wa mwana, yambani mwalankhula ndi makolo mofatsa. Akakana, nenani kwa mfumu, kapena kwa a zosamalira anthu paboma, kapena kupolisi.

Mafunso a pa msonkhano

1. Ndi mpata wotani unatsala m'chaka cha 2015, ndipo unatsekedwa liti?
2. Kutha msinkhu kusiyana bwanji ndi kukhwima kwa thupi?
3. Za ku Zomba zitiphunzitsa chiani za njala ndi ukwati?
4. Pamudzi panu ana angati alibe kalata ya kubadwa, ndipo ndani adzapita nao kukalembetsa mwezi uno?