PHUNZIRO LA CINGEREZI: MAU AKUTI "OTHER THAN"

Makalata a Boma ndi zidziwitso za pacipatala zilembedwa kawirikawiri m'Cingerezi, ndipo m'menemo muli timau tiwiri timene tipunthwitsa ambiri, ndito "other than". Wakuwerenga mofulumira atilumpha, namva lamulo mozondoka. Tsono tiyeni tilingalire nchito zace zitatu.

1. Kupatula. Akatsogola mau okana, monga "no" kapena "nobody", timauti tipatula cinthu cimodzi pa zonse zokanidwa. M'cinenero cathu titi "koma", kapena "kupatula". Taonani: "The Ngoni of Ntcheu have no paramount chief other than Gomani." Ndiko kuti, Angoni a kwathu kuno alibe Inkosi ya Makosi ina koma Gomani yekha. Pakhomo pa odwala pakalembedwa "No visitors other than guardians", musabwerere nonse muli acisoni. Wodikira wodwala aloledwa kulowa, otsalawo ndiwo aletsedwa.

2. Kuchula zina. Pakasowa mau okana, tanthauzo litembenuka. "Crops other than maize" ndizo mbeu zina zosati cimanga, monga mbatata ya kacewere ya ku Tsangano, nyemba ndi kabici zimene zidzaza msika wa Lizulu. Pano cimanga ndico cotayidwa kunja. Pamwamba paja wodikira wodwala ndiye wolowetsedwa.

3. Kutsimikiza. "None other than" ndiko kunena "mwini wace, si wina ai". Citsanzo: "The chief who opposed the Federation in 1953 was none other than Gomani II." Apa wolemba afuna kuti tizizwe ndi ukulu wa munthuyo.

Cenjerani kuti mungasokoneze timauti ndi "as well as", pakuti awa aphatikiza, osapatula. "Beans as well as maize" ndizo nyemba pamodzi ndi cimanga.

Cifukwa cace musanalembe dzina lanu kapena kudinda cala pa kalata ya pangano, yambani mwafuna ngati patsogolo pa "other than" pali mau okana. Ndipo inu odziwa kuwerenga, masulirani mosamala kwa akulu a m'mudzi, pakuti iwo akhulupirira pakamwa panu.

Zoyesa: Masulirani m'cinenero cathu, nimuonetse aphunzitsi anu:
(a) Nobody other than the owner may sell this cow.
(b) Come on any day other than Friday.